Agogo atuluka m'chipatala: foni, makina oyezera kapena wotchi yamakono, chothandiza kwenikweni n'chiti?

Munthu wachikulire wodwala BP, shuga kapena mtima akatulutsidwa m'chipatala, mwezi woyamba ndiye woopsa. Mankhwala amakhala atasinthidwa, ena atawonjezedwa, miyendo itafooka chifukwa chogona pabedi masiku ambiri, ndipo gadiyani amene anamva malangizo a dokotala kuwodi kawirikawiri si amene amatsala ndi agogowo kunyumba. Pamenepa m'pamene ana ali ku Lilongwe, ku Johannesburg kapena ku Birmingham amayamba kutumiza zipangizo: uyu makina a BP, uyu wotchi, uyu foni yatsopano yodzaza ndi mapulogalamu. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Pakatha milungu itatu zambiri mwa izo zimakhala zili mu dilowa, mabatire atatha.

Poyerekeza zipangizozi, funso loyamba lisakhale lakuti chamakono kwambiri n'chiti. Funso n'lakuti: nambala ikaoneka yolakwika, aione ndani, ndipo achitepo chiyani tsiku lomwelo?

Kafukufuku wa odwala mtima anayankha kale funso limeneli. Ku America, kafukufuku wotchedwa Tele-HF wa mu 2010 anatsata odwala 1,653 amene anali atangotuluka kumene m'chipatala. Theka la iwo linkaimba foni tsiku lililonse ku makina oyankha okha, n'kunena kulemera kwawo ndi mmene akumvera. Obwerera kuchipatala ndi omwalira sanachepe, ndipo pofika kumapeto pafupifupi theka la odwalawo anali atasiya kuimba pafupipafupi. Wina wotchedwa BEAT-HF wa ku California mu 2016 anapezanso chimodzimodzi. Koma TIM-HF2 wa ku Germany mu 2018 anapeza kuti imfa zinachepa, ndipo masiku otayika chifukwa chogonekedwa kapena kumwalira anatsika kuchoka pa 24 kufika pa 18 pachaka. Zipangizo zake zinali zachizolowezi ndithu: sikelo, makina a BP, koyezera mtima. Kusiyana kunali kwakuti madokotala ndi anamwino ankakhala pa ntchito usana ndi usiku kuyang'ana manambalawo, ali ndi mphamvu yosintha mankhwala tsiku lomwelo. Njira iliyonse ili m'munsimu muiyeze ndi muyezo umenewu.

Foni ya mabatani ndi nthawi yoikika yoimbira

Njira yotsika mtengo kuposa zonse ndiyo imene imagwira ntchito kwa anthu ambiri. Foni ya mabatani imasunga moto masiku angapo, silira bandulo, imagwira netiweki ngakhale kumudzi kumene intaneti sifika, ndipo zala zonjenjemera kapena zadzanzi chifukwa cha shuga zimakwanitsa batani lodina kusiyana ndi galasi losisita. Ikani nambala ya munthu wodalirika pa batani 2 kuti agogo azingolidina n'kugwira, nambala yachiwiri pa batani 3. Belu likhale pamwamba penipeni. Ngati foniyo imalowa makadi awiri, ikani Airtel ndi TNM, chifukwa kumene wina wazima mnzake amatha kugwira.

Kuimba kwa "mwadzuka bwanji" kokha sikupeza vuto. Achikulire ambiri amayankha kuti ali bwino posafuna kudetsa nkhawa ana. Woimbayo akhale ndi mafunso omwewo tsiku lililonse, pa ola lomwelo, kwa milungu iwiri yoyamba: mwamwa mapiritsi ati m'mawa uno, mungandiwerengere dzina lili pa paketi? Mwadya chiyani? Usiku munagona ndi mapilo angati? Mapazi akulowa mu nsapato zija? Mwachita chizungulire poimirira? Mwagwa? Funso la mapilo likuoneka lachibwana, koma wodwala mtima amene dzulo anagona ndi pilo mmodzi lero n'kugona chokhala, madzi ayamba kudzaza m'mapapo.

Chofooka chake n'chodziwikiratu: mawu okha saonetsa bala, saonetsa kutupa, ndipo agogo osamva bwino amangovomera zilizonse. Zikatero muziyankhulanso ndi amene akukhala nawo.

Ku Malawi kulinso Chipatala Cha Pa Foni, chimene chinayamba ku Balaka mu 2011 ndi bungwe la VillageReach n'kudzafalikira dziko lonse m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Mumaimba nambala yake yaulere n'kuyankhula ndi wazaumoyo. N'chothandiza pamene mukukayika ngati chizindikiro china n'choyenera kuthamangira nacho kuchipatala. Woyankhayo sakhala ndi faelo ya agogo, choncho buku la kuchipatala likhale m'manja poimba.

Mauthenga okumbutsa ndi mapulogalamu a mankhwala

Uthenga wa SMS wongokumbutsa kumwa mankhwala umathandiza pang'ono chabe. Kafukufuku wa StAR ku Cape Town anapeza kuti patatha chaka, BP ya olandira mauthenga inatsika ndi pafupifupi 2 poyerekeza ndi ya osalandira. Wotsatira wake, StAR2D, amene anachitika ku Cape Town ndi ku Lilongwe pa odwala shuga, sanapeze kusintha kwenikweni pa mlingo wa shuga m'magazi. Ku Kenya, WelTel ya mu 2010 inachita mosiyana: sabata iliyonse odwala omwa ma ARV ankalandira funso limodzi, ndipo amene wayankha kuti pali vuto, kapena amene wangokhala chete kwa masiku awiri, namwino ankamuimbira. Kumwa mankhwala kunayenda bwino ndipo ambiri kachilombo kanatsika m'magazi. Odwalawo sanali okalamba, koma banja likhoza kutengerapo kachitidweko: kukhala chete kwa agogo kuziwerengedwa ngati yankho loipa.

Mapulogalamu monga Medisafe ndi MyTherapy amachita zambiri. Amalira pa nthawi ya mankhwala, amasunga mbiri ya zimene zamwedwa, amachenjeza mapiritsi akatsala pang'ono, ndipo Medisafe imatha kudziwitsa wachibale mlingo ukadumphidwa. Mavuto ake ndi atatu. Ali m'Chingelezi ndi zilankhulo zina zakunja. Mafoni ambiri a Android otsika mtengo, monga Tecno, itel ndi Infinix, amatseka okha mapulogalamu ogwira ntchito mobisika pofuna kusunga batire, ndiye alamu imangosiya kulira popanda chenjezo; muyenera kulowa mu Settings, pa gawo la batire, n'kuchotsa pulogalamuyo pa mndandanda wa otsekedwa. Chachitatu n'chakuti kudina kuti "ndamwa" si kumwa. Amene ayamba kuiwalaiwala amatha kudina osamwa, kapena kumwa kawiri.

Pulogalamu yotere imakhala bwino pa foni ya mdzukulu kapena gadiyani. Kwa agogo eniake, alamu wamba ya pafoni ya mabatani pamodzi ndi kabokosi ka mapiritsi ka masiku 7 zimaposa pulogalamu iliyonse, chifukwa kachipinda kopanda kanthu ndi umboni umene aliyense angauone. Kabokosiko kazidzazidwa ndi munthu mmodzi, tsiku limodzi pa sabata, akuyang'ana m'buku la kuchipatala. Ma ARV asiyeni m'botolo lake lomwe, momwe muli kapaketi koyamwa chinyezi.

Ngozi yaikulu ya mankhwala imachitika tsiku lofika kunyumba, ndipo palibe alamu imene ingaigwire. Mapiritsi akale amakhala akadali pa tebulo, atsopano abwera m'paketi ya mtundu wina, agogo n'kumamwa onse awiri osadziwa kuti onsewo ndi mankhwala amodzimodzi a BP otchedwa amlodipine, kapena kupitiriza mankhwala amene dokotala anawaimitsa. Sonkhanitsani mankhwala onse a m'nyumbamo, azitsamba omwe, muwaike pamodzi n'kuwajambula maina akuoneka, kenako yerekezani ndi zimene zalembedwa potuluka. Chimene sichikugwirizana funsani kwa adokotala kapena ku famase musanachiike m'kabokosi. Chitsanzo chofala masiku ano: amene akumwa ma ARV okhala ndi dolutegravir, mlingo wa metformin, mankhwala a shuga, umafunika kuunikidwanso chifukwa umachuluka m'magazi, ndipo mapiritsi a ayironi, kashiamu ndi mankhwala a chilungulira amafunika kutalikitsidwa ndi nthawi ya ma ARV.

WhatsApp: yamphamvu pa zithunzi, yofooka pa udindo

Pa zinthu zofunika kuona ndi maso, WhatsApp ilibe mnzake. Tsamba la buku la kuchipatala lijambulidwe musanachoke kuwodi. Bala la phazi la wodwala shuga lizijambulidwa tsiku lililonse panja powala, pa mtunda womwewo, pambali pake pali ndalama yachitsulo kuti kukula kwake kuzidziwika. Kavidiyo kakafupi ka mmene agogo akupopera mankhwala a mphumu kamaonetsa msanga ngati mankhwalawo akungothera m'kamwa. Uthenga wa mawu umapulumutsa amene maso achita nkhungu kapena amene sawerenga.

Gulu la banja lonse ndilo limasokoneza. Chithunzi cha BP yokwera chikatumizidwa kwa anthu 20, aliyense amaganiza kuti mnzake waimba kale, ndipo azakhali ena amaponyamo malangizo a adyo ndi mandimu. Pangani kagulu ka anthu atatu kapena anayi: amene akukhala ndi agogo, amene amayankha, amene amatumiza ndalama. Woyankhayo adziwike ndi dzina, ndipo pakhale womulowa m'malo akakhala pa shifiti. Kumbukiraninso kuti buku la kuchipatala limaulula matenda onse, kuphatikizapo amene mwini wake sanauze ana. Apempheni kaye musanajambule.

Makina a BP

Ngati ndalama zikukwanira chipangizo chimodzi ndipo vuto ndi BP, sitiroko, impso kapena mtima, gulani ichi, kupatula ngati ndi mtima wofooka wotupitsa miyendo, umene umafuna sikelo poyamba. Sankhani a pamkono wa m'mwamba, osati a padzanja pomangira wotchi, chifukwa a padzanja amasintha nambala malinga ndi mmene mkono waikidwira, ndipo mitsempha youma ya okalamba imawasokoneza. Omron ndi Microlife ali ndi mitundu yambiri yoyesedwa, ndipo mndandanda wa STRIDE BP pa intaneti umaonetsa makina amene anatsimikizidwa. Okhala ndi Bluetooth ndi okwera mtengo popanda phindu lenileni ngati palibe chipatala chimene chikulandira manambalawo. Kope la sukulu ndi cholembera zimagwira ntchito yomweyo.

Lamba ndiye amanamiza anthu ambiri. Yezani mkono pakati pa phewa ndi chigongono ndi tepi ya telala. Lamba wamba nthawi zambiri amakwana mkono wa masentimita 22 mpaka 32. Woposa pamenepo ufuna lamba wamkulu. Lamba wothina pa mkono waukulu amakweza nambala, ndipo lamba wamkulu pa kamkono kowonda ka agogo amaitsitsa. Mabatire ofooka amachititsa makina kupopa mwaulesi n'kulemba Err, ndiye mabatire anayi apadera azikhalapo.

Kayezedwe kake ndi aka. Agogo akhale pampando mphindi 5 atatsamira, mapazi ali pansi osapingasa miyendo, atataya kale madzi. Pasakhale fodya, khofi kapena ntchito yolemetsa mphindi 30 zapitazo. Mkono ugone pa tebulo molingana ndi mtima, lamba ali pakhungu, osati pamwamba pa juzi. Asayankhule. Yezani kawiri motalikitsa mphindi imodzi, m'mawa asanamwe mankhwala ndi madzulo, kwa masiku 7. Manambala a tsiku loyamba musawawerengere, chifukwa mantha a makina atsopano amawakweza. Kunyumba, malire amene ambiri amagwiritsa ntchito ndi 135/85, pomwe kuchipatala ndi 140/90, koma kwa okalamba kwambiri adokotala amatha kuika malire ena. Afunseni awalembe m'buku.

Mabanja amaopa nambala yokwera n'kuiwala yotsika. Kwa munthu wa zaka 75 amene wangowonjezeredwa mankhwala, BP yotsika ndiyo imamugwetsa kubafa n'kuthyola chiuno. Kamodzi pa masiku angapo, yezani agogo atagona, kenako ataimirira mphindi imodzi kapena zitatu. Nambala ya pamwamba ikatsika ndi 20 kapena kuposa, kapena ikakhala pansi pa 90, makamaka pali chizungulire, adokotala adziwe tsiku lomwelo. Ikafika 180/120, dikirani mphindi 5 muyezenso. Ikakhala pomwepo pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo ngati pali kupweteka pachifuwa, kubanika, kusaona bwino kapena kufooka kwa mbali imodzi, musadikire n'komwe. Kumwa piritsi lowonjezera mwa inu nokha chifukwa cha nambala imodzi n'koopsa.

Makinawa amavutika mtima ukamagunda modumphadumpha, ndipo ambiri amaonetsa kachizindikiro ka mtima pa galasi. Kakamabwera mobwerezabwereza, auzeni adokotala, chifukwa kugunda kotere kumayambitsa sitiroko ndipo kuli ndi mankhwala ake.

Koyezera shuga, ndi msampha wa miyezo iwiri

Si wodwala shuga aliyense afunika kudzibaya chala tsiku lililonse. Amene ali pa metformin yokha shuga satsika kwambiri, ndipo kuyeza mwa apo ndi apo n'kokwanira. Amene ali pa jakisoni wa insulin kapena pa mapiritsi a glibenclamide ndiwo afunika kachipangizoka, chifukwa wotuluka kumene m'chipatala sadya bwino, impso zake zimachotsa mankhwala pang'onopang'ono, ndipo shuga amatha kugwa usiku. Glibenclamide ndi woopsa makamaka kwa opitirira zaka 60. Ngati agogo akumumwa, funsani ngati pali wina wolowa m'malo mwake monga gliclazide.

Mtengo weniweni suli pa makina, uli pa masitiripi. Mtundu uliwonse uli ndi akeake: a Accu-Chek salowa mu OneTouch kapena mu SD Codefree. Botolo la 50 limatha m'masiku 25 mukamayeza kawiri patsiku. Musanalandire makina ochokera kunja, fufuzani ngati masitiripi ake akupezeka ku famase yapafupi, apo ayi mwalandira chidole. Masitiripi amaonongeka ndi kutentha ndi chinyezi, choncho asakhale pawindo kapena m'galimoto, botolo lizitsekedwa nthawi yomweyo, ndipo tsiku lothera ntchito liziyang'anidwa. Sambani m'manja ndi sopo n'kuumitsa musanabaye. Chala chimene chagwira mango kapena nzimbe chimapereka nambala yokwera yabodza. Bayani m'mbali mwa nsonga ya chala, sipapweteka kwambiri.

Makina ogulidwa ku South Africa kapena ku Britain amawerenga mu mmol/L, pomwe ena amawerenga mu mg/dL. Kusiyana kwake n'kochulukitsa ndi 18. Banja lozolowera kumva kuti shuga ali pa 120 likaona 20 pa makina atsopano limaganiza kuti wagweratu n'kuthamangira kusungunula shuga m'kapu, pomwe 20 mmol/L ndi 360 mg/dL, shuga wokwera moopsa. Lembani pa kapepala n'kumata kuseri kwa makina: muyezo wake ndi uti, ndipo nambala yotsika ndi iti. Pansi pa 70 mg/dL, kapena 3.9 mmol/L, shuga watsika. Ngati agogo akutha kumeza, apatseni masupuni a tiyi anayi a shuga m'madzi, kapena theka la tambula ya Fanta kapena Coca-Cola wamba, muyezenso patatha mphindi 15, kenako adye chakudya chenicheni. Ngati akomoka musawathire kanthu m'kamwa, agonekeni cham'mbali n'kupita nawo kuchipatala. Amene ali pa glibenclamide shuga amatha kugwanso patapita maola, ndiye ngakhale atatsitsimuka akaonedwebe. Makina akalemba HI, nambala yaposa pamene angathe kuwerenga, ndipo umenewo ndi ulendo wa kuchipatala.

Kulinso tizipangizo tomata pamkono toyeza shuga usana ndi usiku, monga FreeStyle Libre kamene kamakhala masiku 14 ndi Dexcom G7 ka masiku 10. Mitundu yatsopano imalira shuga akayamba kugwa ndipo imatha kutumiza nambala ku foni ya mwana ali kutali. Kwa wokalamba wa insulin amene samvanso zizindikiro za shuga wotsika, n'zothandiza zedi. Koma Libre imafuna tizipangizo 26 pachaka, foni yogwirizana nayo, ndi intaneti yosaduka kuti nambala ifike kwa mwanayo. Banja limene lingakwanitse miyezi iwiri yokha likagwiritse ntchito pa milungu yoyamba, pamene mlingo wa insulin ukusinthidwa.

Sikelo ndi kapachala

Kwa wodwala mtima wofooka, amene amatupa miyendo n'kumamwa mankhwala okodzetsa a furosemide, sikelo ya kubafa imaposa chipangizo china chilichonse, chifukwa madzi amaoneka pa kulemera asanaoneke m'mapazi. Iikidwe pa simenti yosalala, osati pa mkeka kapena pa dothi. Agogo akwere m'mawa uliwonse atataya madzi, asanadye, atavala zovala zofanana, pali munthu kapena khoma logwira. Kulemera kwa tsiku lotuluka kulembedwe pamwamba pa tsamba. Kukwera kopitirira makilogalamu awiri m'masiku atatu n'chizindikiro choimbira adokotala, ngakhale agogo akunena kuti ali bwino. Kutsika msanga pamodzi ndi ludzu ndi chizungulire kumasonyeza kuti mankhwala okodzetsa achuluka. Ndipo akayamba kutsekula m'mimba kapena kusanza ali pa furosemide, enalapril kapena metformin, funsani tsiku lomwelo ngati mankhwalawo aimitsidwe kaye, chifukwa impso zimavulala msanga thupi likauma.

Kachipangizo kopana chala koyeza mpweya m'magazi kanafala nthawi ya COVID-19. N'kothandiza kwa amene atuluka ndi chibayo kapena matenda a m'mapapo okhalitsa, koma musakadalire mopitirira. Kafukufuku wa ku Michigan mu 2020 anapeza kuti mwa odwala akhungu lakuda, kachipangizoka kankabisa kuchepa kwa mpweya pafupifupi katatu kuposa mwa azungu. Zala zozizira, utoto wa m'zikhadabo ndi kunjenjemera zimasokonezanso. Tenthetsani dzanja, dikirani mphindi imodzi nambala ikhazikike. Pa 92 kapena kutsika apo pitani kuchipatala, pokhapokha ngati adokotala anaika malire ena, monga 88 mpaka 92 kwa ena odwala mapapo kwa nthawi yaitali. Agogo akamapuma mwabefu, osatha kumaliza chiganizo, nambala ya 96 isakutonthozeni.

Wotchi zamakono ndi mabatani oitanira thandizo

Apple Watch kuyambira Series 4, ndi wotchi zina za Samsung, zimazindikira munthu akagwa mwamphamvu, ndipo akapanda kusuntha kwa mphindi imodzi zimaimba nambala ya ngozi n'kudziwitsa abale. Zimafuna kutchajidwa pafupifupi tsiku lililonse, zambiri zimafuna foni yamtundu wake pafupi, ndipo phindu lake limadalira ambulansi imene ingabwere ikaitanidwa. Kumene magetsi a ESCOM amazima maola ambiri ndipo galimoto yapafupi ndi ya aneba, wotchiyi ili kumapeto kwa mndandanda. Tiwotchi totchipa tolonjeza kuyeza BP ndi shuga popanda lamba kapena kubaya musatikhulupirire. Bungwe la FDA, loona za mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku America, linachenjeza mu 2024 kuti silinavomereze wotchi kapena mphete iliyonse yoyeza shuga popanda kuboola khungu. Foni ya mabatani ya m'kathumba kolendewera m'khosi, yopita nayo mpaka kubafa, imagwira ntchito yaikulu ya wotchiyo.

Kwa makolo amene akukhala ndi ana awo ku England nkhani ndi ina. NHS, bungwe la boma loyendetsa zipatala kumeneko, ili ndi ma virtual ward, momwe wodwala amapita kunyumba ndi zipangizo zobwereka, gulu la anamwino n'kumayang'ana manambala tsiku lililonse kwa masiku angapo kapena milungu iwiri. Funsani za zimenezi asanatuluke, pamodzi ndi batani lovala m'khosi limene makhonsolo ambiri amapereka molipiritsa. Kumeneko woyankha alipo kale, ndiye zipangizo zolumikizidwa zili ndi tanthauzo.

Kusankha malinga ndi matenda ndi nyumba

Agogo a BP kapena sitiroko okhala kumudzi: foni ya mabatani, kabokosi ka mapiritsi, makina a BP, kope. Ngati makinawo sangagulidwe ndi banja limodzi, mabanja angapo kapena mpingo akhoza kugula amodzi n'kumasungidwa ndi munthu mmodzi wophunzitsidwa. Kambiranani ndi alangizi a zaumoyo a m'deralo kuti adziwe za wodwalayo. Ku Neno, a Abwenzi Pa Za Umoyo pamodzi ndi chipatala cha boma anaphatikiza kiliniki ya HIV ndi ya matenda okhalitsa, odwala n'kumayenderedwa m'makomo ndi azaumoyo a m'midzi, ndipo kumene kuli dongosolo lotere banja liyambe lalowa m'menemo lisanagule kanthu. Agogo a mtima wofooka: sikelo poyamba, makina a BP kachiwiri. Agogo a insulin: koyezera shuga ndi ndalama ya masitiripi ya miyezi itatu yoikidwa padera. Agogo amene ayamba kuiwalaiwala: zipangizo zonse zikhale m'manja mwa wowasamalira, mankhwala atsekeredwe, ndipo alamu izilira pa foni ya wosamalirayo.

Mwana wa kunja amene akufunsa kuti atumize chiyani, nthawi zambiri yankho ndi losasangalatsa: kasola kotchajira foni, mayunitsi, mabatire, masitiripi, ndi ndalama ya thiransipoti ya tsiku lokaonedwanso. Ndalamazo zikamadutsa pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, agogo auzidwe mobwereza kuti PIN sapatsa munthu, ndiponso kuti woimba foni wonena kuti ndi wa kuchipatala ndipo akufuna ndalama za mankhwala mwachangu ayambe watsimikiziridwa ndi woyankha wa banja uja.

Musanachoke kuwodi, pemphani zinthu zinayi zilembedwe m'buku: mankhwala oyenera kumwa ndi oyenera kusiya, manambala amene akafikidwa muyenera kubwerera, tsiku lokaonedwanso, ndi kiliniki yake. Wodwala mtima ayenera kuonedwa pasanathe milungu iwiri. Tsikulo tengani kope, mankhwala onse, ndi makina a BP omwe, kuti ayesedwe pambali pa a kuchipatala pa mkono womwewo.

Pali zizindikiro zimene sizifuna chithunzi, uthenga kapena kuyeza kulikonse: nkhope kupotoka mbali imodzi, mkono kapena mwendo kufooka mwadzidzidzi, mawu kutuluka mosamveka, kupweteka pachifuwa, kubanika munthu atangokhala, kukomoka, kugwa n'kumenyetsa mutu, kapena kusokonezeka mutu kumene dzulo kunalibe. Chomalizachi mabanja amachitcha ukalamba, koma mwa achikulire nthawi zambiri chimakhala malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo kapena shuga wotsika, ndipo thupi likhoza osatentha n'komwe. Nambala ya woyendetsa galimoto kapena njinga yamoto amene amayankha usiku ikhale pa batani 4, ilembedwenso ndi zilembo zikuluzikulu pachikuto cha kope, ndipo mtengo wa ulendo wa usiku mugwirizane naye pasadakhale.